Msana wa a Tembo unandilowetsa sukulu ya udokotala

Moni abale ndi alongo nonse amene mumawerenga patsamba lino, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Dzina langa ndi Lameki, kwathu ndi kwa Mavwere kuno ku Mchinji. Ndisanayambe ndikufuna nditchule mboni zanga, chifukwa pali anthu ena amene amati ine ndikamafotokoza nkhani ndimakokomeza. Mboni yoyamba ndi amayi anga, amene sananamepo chibadwire, kupatula pa nkhani ya zaka zawo. Yachiwiri ndi amalume anga a Bonifasi, mphunzitsi wopuma pa ntchito komanso mkulu wa mpingo. Yachitatu ndi a Tembo, mdala wa kutsidya kwa malire, ku Zambia. Yachinayi ndi mbuzi, za iyo mumva kumapeto. Wokayika aliyense apite akawafunse, onse ali moyo.

Vuto langa silinali matenda. Ndinkafuna kukhala dokotala, ndipo chitseko chinali kutsekeka ndikuona ndi maso anga. Mayeso a Folomu 4 ndinakhoza bwino, moti ahedi anandigwira chanza mpaka dzanja linachita dzanzi. Koma mayina a osankhidwa kupita ku sukulu ya udokotala atatuluka, langa panalibe. Ndinawerenga pa foni kuchokera kumwamba kutsika, kenaka kuchokera pansi kukwera, poganiza kuti mwina analilemba chozondoka. Panalibe. Chaka chotsatira zinali chimodzimodzi. Pamudzi anali atayamba kale kunditcha Adokotala, poyamba mwaulemu, kenaka mwachipongwe. Anthu ankandiimitsa panjira n'kumandionetsa nkhuku zachitopa kuti ndiziyeze.

Lamulungu lina abusa analengeza m'tchalitchi kuti pali bungwe lina lachikhristu limene limatumiza achinyamata ochepa ku sukulu ya udokotala, n'kuwalipirira zonse. Bungwelo linali ndi malire a zaka, ndipo kwa ine chimenecho chinali chaka chomaliza. Ndikaphonya pamenepo, basi, ndikanakhala Adokotala a nkhuku mpaka imvi. Abusa anawonjezera kuti anthuwo sayang'ana mapointi okha. Amaitana munthu ku intavyu kuti akafotokoze zimene wachitapo kunja kwa kalasi zosonyeza kuti ali ndi mtima wosamala odwala, ndipo chilichonse chimene anganene chikhale ndi umboni.

Ine kunja kwa kalasi ndinali nditachitapo kupalira mtedza ndi kusoka fodya. Titatuluka m'tchalitchi amalume anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mphwanga, nkhani iyi isiye m'manja mwanga."

Amalume ndi munthu amene amavala tayi popita kudimba. Izi si nthabwala, kawafunseni. Masana omwewo anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kukonza moyo wanga wonse. Anati anthu a intavyu amafuna mtsogoleri, ndiye tinayambitsa kalabu ya zaumoyo ya achinyamata. Wapampando ndinali ine, mlembi ndinalinso ine. Mamembala ena anabwera tsiku loyamba, ataona kuti kulibe zakumwa kapena alawansi anabwerera osatsanzika. Msonkhano wachiwiri ndinautsegula ndi pemphero, ndinadzifunsa ngati pali mafunso, panalibe, ndinautseka. Amalume anati amafunanso munthu wokonda chilengedwe, ndiye tinabzala mitengo m'mphepete mwa msewu. Mbuzi za pamudzi zinayamikira kwambiri ntchito imeneyo. Anandilowetsanso kwaya, koma otsogolera kwaya atamva mawu anga anandipatsa udindo wonyamula mabenchi. Pa chilichonse amalume ankandijambula pa foni, n'kundilembera satifiketi yosainidwa ndi woyang'anira kalabu, amene anali iwo omwe.

Koma chimene ankachiwerengera kuposa zonse chinali malo a wongodzipereka pa ofesi ya bungwe lina la zaumoyo ku boma. Kumeneko munthu amalandira tisheti, chipewa, ndipo pomaliza kalata yokhala ndi chidindo. Amalume anayendera malowo mpaka nsapato zinayamba kuonetsa zala, ndipo anawapeza. Ndinayenera kuyamba Lolemba. Loweruka lake, akuchokera ku boma pa kabaza ndi uthenga wabwinowo, nkhumba inadutsa msewu pafupi ndi Kamwendo. Wakabaza anadzuka n'kudzisansa fumbi. Nkhumba inapitiriza ulendo wake. Amalume anathyoka fupa la ntchafu, koma tayi sinasunthe.

Kuchipatala, chimene sindichitchula dzina, anati fupalo lilumikizika pokhapokha agone chagada kwa miyezi, mwendo ataukoka ndi chingwe chodutsa kumiyendo kwa bedi, kumapeto kwake atamangirirako thumba la mchenga. Inu nonse mukudziwa kuti kwathu kuno wodwala salowa m'chipatala yekha, amalowa ndi gadiyani. Anamwino amapereka mankhwala ndi kutsuka mabala, koma kusambitsa, kudyetsa, kuchapa ndi kukataya chidebe chodzithandiziramo ndi ntchito ya wachibale. Banja linakumana pakhonde la chipatala. Amalume akazi awo anamwalira kalekale, ana awo ali ku Joni. Amayi anga sangasambitse mlongo wawo, chimenecho n'chosayenera. Onse anatembenuka nthawi imodzi kuyang'ana ine, ngati anachita kupangana.

Amayi anati, "Adokotala, si mumafuna chipatala? Ndi chimenechi."

Lolemba limene ndinayenera kulandira tisheti ndinalandira beseni. Malo aja anapatsa mnyamata wina wa ku boma. Nthawi zina ndinkamuona akudutsa pa galimoto yoyera kunja kwa mpanda wa chipatala, atavala chipewa changa.

Sindibisa, ndinamukwiyira Mulungu. Ndinkamufunsa chifukwa chimene analengera nkhumba, komanso chifukwa chimene anaipatsira miyendo. Malo anga ogona anali pa katoni pansi pa bedi la amalume, thumba la mchenga likulendewera pamwamba pa mphuno yanga. Munthu sachedwa kuyanjananso ndi Mlengi wake akamagona pansi pa thumba lotero. Kuchitando, kumene magadiyani amaphikira, mwamuna ndinalipo ndekha pakati pa azimayi. Phala langa loyamba linalimba kwambiri moti mayi wina analipempha kuti likhale fuwa la poto wake. Ndinamupatsa. Pamene ndinkachoka pachipatalapo linali likugwirabe ntchito.

Asisitala a wodi ya amuna anali mayi wochokera ku Mpoto, wosaseka. Anandiitana n'kundiuza kuti munthu wogona chagada saphedwa ndi fupa, amaphedwa ndi msana. Akagonera malo amodzi nthawi yaitali khungu limaphulika zilonda, ndipo zilondazo zimadya mnofu mpaka kufika pafupa. Anandionetsa kanyamulidwe kake kosasokoneza chingwe, kupukuta, kuumitsa, kudzoza mafuta, kuwongola nsalu kuti pasakhale khwinya, ndi kuyang'ana tsiku ndi tsiku ngati penapake pafiira. Anandionetsa kamodzi kokha. Anati akadzapeza chilonda pamsana pa amalume adzathyola ntchafu yanga kuti ndimve ndekha mmene zimakhalira. Sindinaone chifukwa chowakayikira.

Tsiku loyamba kuwasambitsa, amalume anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Nditamaliza anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Mphwanga, zimene waona muno zithere muno. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndaphunzitsa theka la anthu a kwa Mavwere. Usakanene kwa munthu kuti unandinyamula ngati khanda. Ngakhale ku intavyu kwakoko, za wodi ino usakatchule. Akakufunsa kuti unkadwazika ndani, ukati chiyani? Ndipo kumeneko amafuna mtsogoleri, osati wotaya chidebe."

Ndinalonjeza. Kwathu amalume akakuuza kuti utseke pakamwa, sufunsa kuti mpaka liti.

Pa bedi loyandikana nalo panali a Tembo. Anagwa pa ngolo ya chimanga kufupi ndi Kachebere ng'ombe zitadzidzimuka, ndipo anawabweretsa kuno chifukwa chipatala chathu chinali pafupi kuposa cha kwawo. Nawonso mwendo unali pachingwe. Ana awo onse ndi aakazi, choncho gadiyani wawo anali mkamwini. Mkamwiniyo ataona beseni anati akukatenga ufa. Ufawo ayenera kuti anayamba n'kubzala chimanga chake, chifukwa mpaka a Tembo anatuluka m'chipatala munthuyo sanaonekenso.

Kwa masiku angapo a Tembo anagona osatembenuzidwa. Wodi inali yodzaza, anamwino anali ochepa ndipo ankathamanga tsiku lonse. Ndikanakonda kunena kuti chinandidzutsa pa katoni chinali chifundo, koma chinayamba kundidzutsa ndi mphuno. Ndinapempha chilolezo kwa asisitala n'kuwanyamula mdalayo. M'munsi mwa msana munali mutafiira kale, khungu litasupuka malo aakulu ngati tsamba la mpiru. Asisitala anatsuka, anamata, kenaka anandiyang'ana n'kunena kuti zotsalazo ndi zanga. Kuyambira pamenepo ndinali ndi odwala awiri ndi beseni limodzi.

A Tembo anamva amayi akundiitana kuti Adokotala tsiku limene anabweretsa nkhuni, ndipo dzinalo analigwira. Ankalankhula Chinyanja cha kwawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osapumira. Ndikawanyamula ankati, "Adokotala, manje mwanigwira monga thumba la feteleza." Amalume, pokhala mphunzitsi, ankawakonza malankhulidwe. A Tembo ankangoyankha kuti, "Aphunzitsi, tonse tili chagada. Palibe hedimasitala pano." Anthu awiriwa anakangana pa chilichonse, mtengo wa soya, mpira, ndi mbali ya malire kumene mvula imayambira. Ndikukhulupirira kuti mafupa awo analumikizika chifukwa aliyense ankafuna ayambe kuimirira ndi iyeyo.

Tsiku lina ndikuwadzoza mafuta a Tembo anati, "Imwe adokotala, nikachoka muno nizamupatsani mbuzi." Ndinathokoza. Kenaka anafotokoza kuti mbuziyo inali isanabadwe, koma mayi wake ndi wodalirika.

Magadiyani ena ataona kuti chilonda cha a Tembo chikuuma anayamba kundiitana. Wina mwamuna wake ndi wolemera sangamunyamule yekha, wina akuopa chingwe, wina wangotopa. Posapita nthawi ndinkadziwa misana ya wodi yonse kuposa nkhope za eni ake. Mpaka lero bambo wina akandipatsa moni pamsika wa Kamwendo, ndimayamba ndamuzungulira kaye kumbuyo kuti ndimukumbukire.

Si onse amene anatuluka ndi miyendo yawo. Bambo wina wa pa bedi la pakona anamwalira masana ena ndikumugwira mutu, mkazi wake atapita kukachapa. Anamwino atatsimikiza, anandituma kukamuitana. Ndinamupeza pazingwe zoyanikira, akufinya malaya a mwamuna wake. Ndinangoyamba kumuthandiza kuanula zovala zimene anali atangoyanika kumene, zikadali zonyowa. Anandiyang'ana, anayang'ana zovalazo m'manja mwanga, n'kukhala pansi pa udzu. Pa nkhani imeneyi ndilibe nthabwala.

Nthawi inakwana, zingwe anamasula. Amalume anatuluka ndi ndodo, msana wawo uli see ngati wa mwana wobatizidwa kumene. A Tembo anawatenga pa ngolo yomwe ija, ng'ombe zake zomwe zija. Intavyu inali itayandikira. Ndinakafunsa ku ofesi ya chipatala ngati gadiyani amalemberedwa kalata yaumboni, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti gadiyani si wantchito wawo, ndi wachibale chabe. Sanalakwe. Ndipo ngakhale akanalemba, ndikanapita nayo kuti, poti ndinali nditalonjeza.

Pamenepa ndi pamene mtima unagwa. Miyezi imene anzanga ankasonkhanitsa zidindo ine ndinaithera pa misana ya anthu, ndipo misanayo sindikanaitchula. Ndinatsala ndi kalabu ya munthu mmodzi, mitengo imene ili m'mimba mwa mbuzi, ndi mabenchi a kwaya. Ndinasiya kudya bwino. Amayi ankandiyang'ana chammbali, ndipo masiku amenewo sanandiitanepo Adokotala, zomwe zinandiopsa kuposa chipongwe.

Litatsala tsiku limodzi kuti intavyu ichitike ndinapita kwa amalume. Ndinagwada n'kuwapempha kuti andimasule, ndinene pang'ono chabe, osatchula dzina lawo. Anayang'ana ndodo yawo. Kenaka anamasula tayi m'khosi mwawo, yomwe ija inapulumuka nkhumba, n'kundipatsa. Anati, "Ukavale iyi. Ndipo ukalankhule za kalabu molimba mtima."

M'mawa mwake, ndikudikira minibasi pa Kamwendo, ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinati, Ambuye, pakamwa panga amalume atseka ndipo sindiwatsutsa. Ngati muli ndi pakamwa pena, patumizeni. Minibasi inafika ndisanati ameni.

Intavyu inali mu holo ya mpingo wina ku boma. Anzanga pabenchi anali ndi mafayilo onenepa ngati Baibulo la paguwa. Mnyamata wa chipewa changa analipo, chipewacho chili pabondo. Mkati munali anthu atatu kuseri kwa tebulo, abusa ena amene sindinkawadziwa, bambo wa bungwelo, ndi mayi wina wamagalasi, dokotala weniweni, amene ankatsogolera mafunso.

Ndinafotokoza za kalabu molimba mtima monga anandilangizira. Adokotala anafunsa kuti mamembala alipo angati, ndinati chiwerengero chimasinthasintha. Anafunsa kuti mitengo ija ikukula bwanji, ndinati ili m'manja mwa Ambuye. Abusa anayang'ana pansi. Bambo wa bungwe anayasamula mpaka ndinaona kumene mawu ake amachokera.

Kenaka adokotala anati, "Pali miyezi pakati apa imene simunatchule chilichonse. Munali kuti?"

"Ndinali ndi za pabanja."

"Munayamba mwamugwirapo munthu wodwala ndi manja anuwa?"

Ndinayang'ana tayi ya amalume. Ndinati, "Pepani, zimenezo sindingathe kufotokoza."

Adokotala anatseka cholembera chawo n'kuchiika pa tebulo. Kaphokoso kake kanali kakang'ono, koma ine ndinamva ngati chitseko cha nkhokwe chagwa.

Nthawi yomweyo panja panamveka mkangano. Munthu wina ankakuwa kuti, "Nifuna adokotala! Osati aliyense, a Lameki!" Chitseko chinakankhidwa ndi ndodo, ndipo a Tembo analowa, mlonda akuwakoka jekete kumbuyo. Kaya sanaone kuti muli intavyu, kaya sanasamale, sindikudziwa. Anabwera molunjika kwa ine.

"Adokotala, nabwela kupepesa. Mbuzi ija yabadwa, koma ikali kuyamwa."

Nkhope ya adokotala enieni inasintha. Anati, "Bambo, mnyamata uyu anakuuzani kuti ndi dokotala?"

Apa ndinaona ndende patsogolo panga, chifukwa kudzitcha dokotala usali dokotala ndi mlandu. Koma a Tembo anaseka mpaka kutsokomola.

"Uyu? Iyayi mayi, uyu ni wa beseni. Udokotala ni dzina chabe."

"Anakupatsanipo mankhwala?"

"Olo mbulu umodzi. Ninamupempha, anakana. Akuti ni nchito ya asisitala."

"Nanga anakuchitirani chiyani kuti mumupatse mbuzi?"

A Tembo anapereka ndodo yawo kwa abusa kuti awagwirire, anavula jekete, anavula malaya, anatembenuka. Atayamba kumasula lamba abusa anatseka maso, milomo ikuyenda. Bambo wa bungwe tulo tonse tinatha.

"Onani apa. Apa panali chilonda, mkamwini wanga atathawa. Ninali kununkha, mayi, nchenche zinali kunidziwa dzina. Uyu mwana si m'bale wanga, si wa dziko langa. Anali kuninyamula, kunipukuta, kunitayila chidebe, kunipatsa phala loipa. Manje onani."

Adokotala anadzuka pampando, anakonza magalasi, n'kuwerama kuyang'ana chipseracho. Anachigwira ndi chala. Anafunsa kuti anagona nthawi yaitali bwanji, a Tembo anati anagwa anthu akututa chimanga ndipo anaimirira mphepo yozizira itatha. Kenaka, popanda wowafunsa, anawonjezera kuti, "Si ine nekha. Wodi yonse. Na amalume ake, aphunzitsi aja a tayi, anali kuwanyamula monga khanda. Ninali kuona na maso anga."

Mboni zanga zikhoza kutsimikiza kuti mawu amenewo sanatuluke pakamwa panga.

Adokotala anabwerera pampando n'kundifunsa chifukwa chimene sindinanenere zonsezi. Ndinati ndinalonjeza wodwala kuti zimene ndinaona sindidzauza munthu. Anafunsa ngati ndinkadziwa kuti kukhala chete kukanandichotsera mwayiwu. Ndinati ndinkadziwa. Anandiyang'ana kwa kanthawi, osaseka, osakwiya. Kenaka anatola cholembera chija n'kuchitsegula.

Anati za amalumewo tizisiye momwemo, koma anapempha a Tembo ngati angalole kuti tikambe za iwo. A Tembo anati, "Kambani, msana ni wanga." Ndiye anandifunsa mmene ndinkawanyamulira, ndipo ndinaonetsa pa benchi, a Tembo atagona chagada akuwongolera pamene ndalakwitsa. Anandifunsa zimene ndinkachita ndikaona kuti pafiira, ndinati ndinkathamangira kwa asisitala, chifukwa malire anga anali beseni. Pomaliza anafunsa tsiku limene linandivuta kwambiri. Ndinawauza za mayi wa pazingwe zoyanikira uja, osatchula dzina lake. Ngakhale a Tembo anakhala chete, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

Abusa anabweza ndodo, maso ali chotsinzinabe.

Nditafika kunyumba amayi anandifotokozera mmene zinayendera. A Tembo anafika pakhomo m'mawa ine nditachoka kale, n'kupeza amalume pakhonde. Amalume anawauza kuti, "Mnyamatayo ali ku boma, mu holo ya mpingo. Kumeneko n'koletsedwa kulowa. Chitseko chake chili mbali ya kumanzere, ndipo mlonda wake ndi wokalamba kuposa inu." Kenaka anaitana okha kabaza, n'kumuuza wakabazayo kuti asamale nkhumba. Mpaka lero amalume amakana kuti panali cholinga. Amati anangolozera mlendo njira monga Mkhristu aliyense angachitire.

Yankho linabwera pa foni patapita masabata, tikuswa mtedza pakhonde. Anati ndasankhidwa. Ndinawauza amayi. Anapukuta manja pa chitenje, analowa m'nyumba, ndipo ndinawamva akulira ndi kuimba nthawi imodzi. Atatuluka anati, "Ndiye mtedzawu atsiriza ndani?"

Abale, lero ndikulemba izi ndili pa sukulu ya udokotala. Maphunziro ndi olimba, mabuku ena ndi olemera kuposa a Tembo. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ameni. Ndikuthokoza asisitala aja amene sanathyole ntchafu yanga, azimayi a kuchitando amene anandiphunzitsa phala, ndi amalume amene andiloleza kulemba umboniwu, pokhapokha ndinene poyera kuti sanalirepo pobayidwa jakisoni. Ndanena.

Achinyamata ambiri mumanditumizira mauthenga kufunsa kuti musankhe chiyani kuti mukaoneke bwino pa intavyu, kalabu, kwaya kapena ofesi. Sindine woyenera kukulangizani, chifukwa ine ndinasankha tisheti, beseni anandisankhira ndi Mulungu. Ngati kalabu yanu ili ndi anthu enieni ndipo ikugwira ntchito yeniyeni, pitirizani. Koma ngati pakhomo panu pali wodwala ndipo banja lonse latembenuka kuyang'ana inu, musaganize kuti moyo wanu waima. Ine ndinaganiza choncho kwa miyezi, ndili pa katoni. Gwirani ntchito imene ili patsogolo panu, igwireni bwino ngakhale palibe wokujambulani, ndipo zimene wodwala wakuuzani kuti musunge, sungani. Amene dzina lanu silinatuluke chaka chino, musataye mtima ndipo musasiye kupemphera. Amene anatuma mdala wa ndodo kuchokera kutsidya kwa malire sanathe anthu owatuma.

Tsopano za mboni yachinayi. Tsiku lopita ku sukulu tinali pasiteji pa Kamwendo, ine, amayi ndi amalume. Sutikesi inali italowa kale mu minibasi, kondakitala akumenya chitseko kuti tizipita. Tinangoona njinga ikubwera kuchokera mbali ya kumalire, fumbi lili kobo. Kumbuyo kwake kunali mbuzi yaikazi yamawanga, itamangidwa mu dengu, ikuyang'ana anthu ngati ndi iyo yapambana intavyu. Wopalasayo sindinamuzindikire msanga, mpaka nditamuona kumbuyo, chifukwa ndi mbali imene ndinamuona komaliza akutuluka mu wodi. Anali mkamwini wa a Tembo.

Anatsitsa mbuziyo n'kupereka chingwe kwa amayi. Kenaka anamasula kathumba ka ufa kamene kanali pa handulo, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Anati, "Pepani achimwene, nachedwako pang'ono."